Njerwa za Mphini

Chikombole chija chilipobe. Chili kuseri kwa khitchini ya amayi, ndipo masiku ano nkhuku ndi zomwe zimakwerapo pothawa matope. Ndi cha matabwa wamba, cha zipinda ziwiri, choumbira njerwa ziwiriziwiri. Thabwa lake la m'mbali linang'aluka chaka chomwe tinaumba, ndipo ababa, posafuna kugula lina, analikulunga ndi waya uku ndi uku. Wayayo ankadinda dothi. Njerwa iliyonse yotuluka mmenemo inkakhala ndi timizere tiwiri pambali, ngati mphini zotema asing'anga. Ine ndinkazitcha njerwa za mphini, ndipo ndinkanyadira kuti m'chigwa chonse cha Domasi panalibe wina amene anali nazo.

Ndinali kamtsikana ka ku pulayimale nthawi imeneyo. Tinkakhala kwawo kwa amayi, monga mwa chikhalidwe chathu: mwamuna akakwatira amabwera kwa mkazi, amalima munda wa mkazi, ndipo akamanga nyumba amamanga pa dothi la mkazi. Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali cha ku Songani, kumsewu, koma ankagwira ntchito ya ulonda m'tauni ya Zomba, n'kumabwera kwathu Loweruka lokha. Ife tinkagona m'nyumba ya udzu yomwe agogo anasiya atamwalira, nyumba yakuda bii ndi mwaye, yaifupi moti ababa ankachita kuwerama polowa. Anthu ankawanena. Ndinkamva ndekha ku mjigo, poti akuluakulu amaona ngati mwana wonyamula ndowa alibe makutu. Ankati mkamwini wanji ameneyu, ana awiri abadwa koma akungogonabe m'nyumba ya apongozi. Amayi akamva zimenezi ankangopukusa mjigo mwamphamvu.

Ndiye chaka chimenecho, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ababa anatenga tchuthi n'kunena kuti tiumba njerwa. Sindinawaonepo amayi akusangalala ngati masiku amenewo. Ankadzuka m'mawa kukatunga madzi kumtsinje, mchimwene wanga wakhanda ali kumbuyo, kupita ndi kubwera mpaka khosi kuuma. Ababa ankaponda dothi m'dzenje, matope akulira pwata pwata m'miyendo mwawo. Ntchito yanga inali yofunditsa njerwa zaziwisi ndi udzu kuti dzuwa lisazing'ambe. Fungo la dothi lonyowa lija ndikalimva lero, ngakhale pamsewu pomwe akukumba ngalande, mtima wanga umayamba wakondwa kenako n'kuchita mantha, ndipo zimatenga kanthawi kuti ndikumbukire chifukwa chake.

Anamanga uvuni, n'kuumata ndi matope, n'kuyatsa moto wa nkhuni za mango. Utsi unakuta mudzi wonse kwa masiku angapo. Utazizira anauphwasula, ndipo ndi pomwe ababa anandiphunzitsa kumva njerwa. Anatenga ziwiri za m'kati mwa uvuni, zofiira mpaka kuderako, n'kuzigundanitsa. Zinalira ngwee. Anatenga ziwiri za m'mphepete, zotuwa, zomwe moto unangozinyambita. Zinangoti phu, fumbi n'kugwa. "Yakupsa imalira," anatero, "yosapsa imatsokomola." Ndinaseka kwambiri. Tsiku lonse tinakhalira kusankha, zolira mulu wake, zotsokomola mulu wake, ine ndikuimba nawo mawu ajawo ngati nyimbo.

Lole inabwera Lamulungu m'mawa, anthu onse ali ku tchalitchi ku mishoni. Ife tinatsala chifukwa khanda linali ndi chifuwa. Anyamata awiri achilendo anayamba kupakira mulu wa zolira. Amayi anatuluka ndi mwana m'manja n'kuima pakhomo. Ababa anafotokoza asanafunsidwe. Anati kumsewu anthu akumanga ngati amisala, mapuloti akwera, njerwa zakwera, ndipo zabwinozi akazigulitsa tipeza malata ndi simenti. Amayi anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga ife timangira ziti?" Ababa anayankha kuti njerwa ndi njerwa, pulasitala imabisa komanso imalimbitsa. Lole inachoka italemedwa, ikutsamira mbali imodzi pa kamlatho. Amayi anaiyang'ana mpaka inabisika m'nthochi, kenako anabwerera m'nyumba.

Nyumba inakwera msanga, msanga kwambiri. Mmisiri anali mnzawo wa ababa wa ku tauni, munthu wosakonda kucheza, amene ankadya atawerama osayang'ana aliyense kumaso. Maziko anakumba ofika m'mawondo mwanga, ine mwana. Pakati pa njerwa anaika matope. Simenti inangolowa mu pulasitala, ndipo yambiri inapita kukhoma lakumaso, loyang'ana njira ya ku tchalitchi. Mafelemu a mazenera anati abwera pambuyo, choncho mazenerawo anawatseka ndi njerwa zomwezo, n'kungosiya timipata ta mphepo pamwamba. Koma malata anali atsopano, owala mpaka kuthobwa m'maso, ndipo chitseko anachipaka penti yobiriwira.

Inali nyumba yokongola, zimenezo sindingakane. Amayi anzawo a ku tchalitchi anabwera kudzaiona, analulutira, wina anapemphera. Omwe aja ankanena ku mjigo ndi omwe anayamba kutamanda, ati mwamuna ndi ameneyu, ankangokhala chete akukonza zinthu. Amayi anadzala maluwa m'zitini n'kuwandandalika pakhonde. Pansi ankazira kawirikawiri, ndipo nkhuku ikangoponda pakhonde inkaona zakuda.

Amalume anabwera pa njinga kuchokera ku Malemia, komwe nawonso anali mkamwini. Ndiwo anali mwinimbumba wathu, munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake. Anazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo. Atafika pangodya yakuseri, pomwe pulasitala inali yopyapyala, anakanda ndi chikhadabo, n'kuyang'ana fumbi lomwe linatsalira pachala. Ine ndinali pambuyo pawo, ndinaona. Anapukutira chalacho pa thalauza, anabwerera kumaso kwa nyumba, n'kugwira ababa chanza. "Mwagwira ntchito, alamu," anatero. Sananenenso china.

Ndakhala ndikuwakwiyira amalume pa chinthu chimenechi kwa zaka zambiri. Pano ndimawamvetsa pang'ono, ngakhale mkwiyowo sunatheretu. Munthu mwamuumiriza zaka zonsezi kuti amange, wamanga, ndiye muyambe kumufufuza njerwa pamaso pa mkazi wake ndi ana? Kwathu zimenezo ndi kuthamangitsa mkamwini. Ulemu unatseka pakamwa pa aliyense amene anali ndi maso, ndipo ife tinalowa m'nyumbamo.

Mvula yoyamba inagwa bwino. Kwa nthawi yoyamba ndinamva mvula ikulira pa malata athuathu, ndipo ndinkaona ngati ndife olemera. Koma pasanapite nthawi chitseko chinayamba kuvuta. Chinkakhula pansi, n'kumafuna kuchikankha ndi phewa. Ababa atabwera Loweruka anachizula, n'kuchisema m'munsi ndi chikwanje, ati matabwa amafufuma ndi chinyezi. Chinayenda bwino sabata imodzi, kenako chinayambanso, ulendo uno chikugwira pamwamba. Loweruka lotsatira ababa sanabwere. Anatumiza uthenga kuti mnzawo wa ntchito wadwala. Linzakelo sanabwerenso, ndipo uthenga sunabwere.

Mng'alu ndinayamba kuuona ndine, chifukwa unali pakhoma lakuseri, pomwe ndinkayala mphasa yanga. Poyamba unali ngati tsitsi, kuchokera pangodya ya zenera kutsikira pansi mokhotakhota. Nyerere zinkalowa ndi kutulukamo. Patapita masiku ndinkatha kulowetsamo kamtengo ka machesi. Kenako chala changa chaching'ono. Ndikayika tsaya pafupi ndinkamva kamphepo kozizira kochokera panja, konunkha dothi. Nditawaonetsa amayi anauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti nyumba yatsopano imatero, imakhala ikukhazikika. Madzulo ake anakhomerapo kalendala ya ku tchalitchi, ija ya chithunzi cha m'busa ndi nkhosa. Mng'aluwo unkatulukira pamwamba pa kalendala ndi pansi pake.

Nthawi imeneyo kusukulu kwathu kunabwera aphunzitsi atsopano, bambo wachinyamata amene ankasowa pokhala. Nyumba za lendi cha ku Domasi zinali zitayamba kuvuta, eni ake akukweza mitengo mwezi ndi mwezi, moti aphunzitsiwo ankagona m'kalasi kuseri kwa kabati. Amayi atamva anawatumizira uthenga kudzera mwa ine kuti tili ndi chipinda chapadera. Ndikuganiza kuti ankafuna ya sopo ndi mchere, poti kuchokera ku tauni sikunkabweranso kanthu. Aphunzitsi anabwera titaweruka, atanyamula ambulera. Anavula nsapato pakhonde. Anayamikira maluwa. Atalowa anayang'ana kudenga, anayang'ana chitseko, kenako anatulutsa kiyi m'thumba n'kugogoda khoma. Linalira ngati dzungu lofumbwa. Anagogoda pena, chimodzimodzi. Anafika pa kalendala, anaikweza pang'ono ndi chala, n'kuibwezera mwaulemu.

"Mayi," anatero, "mwanayu amagona mbali iti?"

Amayi anati mbali yomweyo, koma palibe vuto, bambo a kunyumba kuno abwera kudzakonza. Aphunzitsi anati aganizira, n'kuvala nsapato zawo. Sanabwerenso. Koma kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse poitana mayina, akafika pa dzina langa ankadzutsa mutu n'kundiyang'ana kaye asanapitirize. Ine ndinkaona ngati ndalakwa kanthu.

Ndikukhulupirira kuti ndi aphunzitsiwo anakauza amalume, chifukwa patangopita masiku awiri amalumewo anatulukira ndi simenti ya m'chitini pa kaliyala wa njinga. Anachotsa kalendala, anakanya simenti ndi mchenga pa chidutswa cha lata, n'kumata mng'alu wonse ndi supuni ya amayi poti analibe chomatira. Simentiyo inagwira ndithu, inauma gwa. Koma sabata isanathe khoma linang'ambika pambali pake penipeni, mng'alu watsopano kutsata wakale ngati mwana kutsata make, ndipo simenti ya amalume inatsala pakati ili lende. Tsiku lina inagwa yonse ngati fupa lalitali, itamatirira zidutswa za njerwa. Ndinatola chidutswa chimodzi n'kuchifinya. Chinasungunuka m'manja.

Amalume anabweranso, ulendo uno ndi mtengo wa bulugama. Anauchirikiza kukhoma cha kunja, mbali yomwe khomalo linayamba kutupa, n'kuukhomera pansi ndi mwala. Mtengowo unkaonekera kunjira. Amayi anadikira kuti amalume akwere njinga, kenako anapita kukaugwetsa, n'kuukokera kuseri kwa nkhokwe. Amalume atabwera n'kupeza mtengo palibe, ndi pomwe ndinawamva akukangana koyamba m'moyo wanga. Sanakweze mawu. Anakhala pakhonde, wina uku wina uku, ine ndikusenda chinangwa pafupi.

Amalume anati nyumba ya agogo ilipo, denga lake silidontha, tisamukiremo mpaka mvula ithe. Amayi anakana. Anati mkazi satuluka m'nyumba yomwe mwamuna wake wamumangira, mwamunayo ali moyo. Anati akatuluka ndi mphasa ndi ana kubwerera m'nyumba ya amayi awo, mudzi wonse udziwa kuti banja latha, ndipo iwo ndi amene adzakhale atalithetsa. "Akabwera adzandipeze kuti, achimwene? Adzati ndanyoza thukuta lawo." Amalume anayang'ana phiri lomwe linali litabisika m'mitambo. Kenako anati, "Achemwali, khoma silidziwa ankhoswe." Amayi anadzuka n'kukalowa m'khitchini.

Chomwe amayi anachita ndi ichi. Anasuntha mphasa yanga ndi ya mwana n'kuziika pakati pa chipinda, ndipo iwo anayamba kugona kukhoma kuja, msana wawo utatsamira pansi pa kalendala. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati andilanda malo anga a kamphepo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa chomwe ankachita. Ndimawakonda amayi anga, koma ndimafunanso kuwagwedeza mapewa. Msana wa munthu ungaletse khoma?

Kenako unabwera mvumbi. Amene anakulira m'munsi mwa phiri la Zomba amaudziwa: mvula yosabangula, yosang'anima, yongogwa basi, usana ndi usiku, mpaka zovala zonse kununkha nkhungu ndi mchere kusungunuka m'botolo. Mtsinje wa Domasi unkamveka tili m'nyumba. Minda ya mpunga inasanduka nyanja. Akuluakulu anayamba kutchula napolo, chinjoka chija amati chikasamuka m'phiri chimatsika ndi madzi ndi miyala. Ana anzanga ankaopa napolo. Ine ndinkaopa kaphokoso kena, kakang'ono, komwe ndinkakamva kuseri kwa kalendala: mchenga ukuyoyoka pang'onopang'ono m'kati mwa khoma, waa, n'kusiya, waa, n'kusiya. M'mawa amayi ankasesa kamulu ka dothi lofiira m'munsi mwa khomalo, msangamsanga, ndisanadzuke bwino. M'munsi mwa makoma onse munali mutada ndi chinyezi kufika m'chiuno mwanga, ndipo ukakanikiza ndi chala pankatsala chidindo.

Tsikulo sitinapite kusukulu chifukwa kamlatho kanamira. Masana mvula inadukizako pang'ono, ndipo amayi anati athamangire kudimba akaone ngati madzi sanakokolole mbewu. Anandisiyira mwana ali m'tulo. Potuluka anachita kukoka chitseko ndi manja awiri kuti chitsekeke, chifukwa mphepo inkalowetsa madzi.

Ndinakhala pamphasa ndikusewera ndi njere za bawo. Mvula inayambiranso. Kenako ndinamva kulira kwina, kochokera kudenga, ngati munthu akuzula msomali pa thabwa. Kalendala inagwa yokha. Pomwe inali, mng'alu unali utakula moti ndinaona nthochi za kuseri, masamba ake akugwedera. Dothi linkayoyoka osasiyanso.

Ndinabereka mwana mmene ndinkaonera amayi, nsalu n'kuimanga pachifuwa. Ndinapita pachitseko. Ndinakoka, osatheka. Ndinaponda khoma ndi phazi n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, chogwirira chinatsala m'manja mwanga. Felemu inali itapindika, chitseko chitakanirira. Ndinaitana amayi, ndinaitana aliyense, koma pa malata mvula inkalira kuposa ine. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira kumsana kwanga.

Sindikudziwa chomwe chinandipititsa pazenera la pabalaza. Ndinakwera pampando n'kukankha njerwa zomwe anatsekera zija. Ndinkayembekeza kuti zilimba. Dzanja langa linangolowa. Zinali zofewa ngati chigumu chonyowa, ndipo ndinazikumba ndi zala, kuzigwetsera panja imodziimodzi, mpaka panapezeka mpata. Ndinatulukira mutu, mwana akukhulika msana pamwamba pa zenera, ndipo tinagwera m'zitini za maluwa. Zikanakhala njerwa zolira zija sindikanatuluka. Koma zikanakhala zolira sindikanafunikanso kutuluka. Ndalingalira zimenezi kambirimbiri ndipo sindinapeze pomwe ndingaziike.

Amayi anatipeza titaima pansi pa mtengo wa mango, tanyowa chonyowa, mwana akulira mpaka kusasa mawu. Anayang'ana ife, anayang'ana zenera lobooka lija loyang'ana kunjira, njerwa zili mbwee pakhonde, maluwa atathyoka. Anandimenya khofi. Sanandimenyepo chiyambire, ndipo sanadzandimenyenso. "Wagumula nyumba ya abambo ako," anatero. Anandilanda mwana n'kulunjika kuchitseko. Anakankha ndi phewa kamodzi. Anakankha kachiwiri.

Silinachite phokoso lalikulu ngati mmene anthu amaganizira. Khoma lakuseri linangokhala pansi, ngati munthu wotopa, ndipo denga linatsatira, malata akulira mokhadzuka. Khoma lapakati linagwera pomwe panali mphasa zathu. Mpweya wonunkha dothi unatuluka pazenera lija n'kutiwomba kumaso. Khoma lakumaso lokha, lija la simenti yambiri, linatsala chiimire, ndi chitseko chake chobiriwira, ndi amayi ataima pamenepo dzanja lili pachitseko, mwana ali m'khwapa.

Anthu anathamanga kuchokera mbali zonse. Amayi sanalire. Aliyense wofika ankamuuza zomwezomwezo, kuti ndi mvula, mvula ya chaka chino yanyanya, ngakhale nyumba ya njerwa siingapirire. Anthu ankavomera, eya ndi mvula, kwinaku maso ali pa nyumba ya agogo, ya dothi ndi udzu, yomwe inali chiimire pambali pomwepo. Amalume anafika madzulo matope ali m'mawondo. Anatola njerwa imodzi pamulu, n'kuifinya, n'kuitaya. Anandiyang'ana tsaya lotupa lija, n'kundisisita kumutu. Tsiku limenelo tinagona m'nyumba ya agogo, ndipo palibe ananena kuti banja latha.

Mvula itadula, amayi anati tipite tikawauze ababa. Anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi, ine anandidzoza mafuta. Tinakwera minibasi mpaka ku tauni, koma pamalo pomwe ababa ankalondera tinapeza munthu wina, amene anati ababa anasiya ntchito mvula isanayambe. Tinabwerera n'kutsika pa Songani. Pamsika amayi anakumana ndi mayi wina wa kwawo kwa ababa. Anapatsana moni wautali, wofunsana za ana ndi za mvula, kenako amayi anafunsa. Mayiyo anayang'ana pansi. Analoza ndi mlomo kanjira kolowera kuseri kwa magolosale, n'kunena kuti ali ndi changu.

Kumeneko kunali nyumba zatsopano zambiri, zothithikana, zina zosafolera. Masiku ano malo amenewo simungawakwanitse, ngakhale mutagulitsa munda ndi mbuzi zonse. Ine ndimachita lendi ku Chinamwali, ndipo ndisanalowe nyumba iliyonse ndimatulutsa kiyi n'kugogoda makoma onse, chipinda ndi chipinda. Eni nyumba amaseka, ena amakwiya, ati mayi inu mukufuna kugula kapena kuchita lendi? Penti yawo ine siinditenga mtima. Koma tsiku lija ndinali mwana, ndipo ndinkangoyang'ana uku ndi uku, kusirira.

Tinafika pa nyumba ina yaing'ono, yosapaka pulasitala, ya mazenera agalasi. Maziko ake anali amiyala, otukuka bwino, ndipo pakati pa njerwa panali simenti yotuwa, yowongoka. Mvula yonse ija sinaisiyire ngakhale banga. Pachingwe panali zovala, ndipo kuseri kunkamveka mayi wina akuimba uku akutsuka mbale. Amayi anaima m'mphepete mwa bwalo. Ine ndinapitirira mpaka pakhoma, chifukwa ndinali nditaona kanthu.

Timizere tiwiri. Pa njerwa iyi, ndi iyo, ndi inayo, khoma lonse kuyambira pansi mpaka kudenga. Ndinalowetsa chikhadabo m'kamzere kamodzi, mmene ndinkachitira zili zaziwisi pansi pa udzu. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe chenicheni, ngati ndakumana ndi m'bale pakati pa alendo.

"Amayi, njerwa zathu zija izi. Za mphini. Bwerani mudzaone."

Anabwera pang'onopang'ono. Anayang'ana khomalo kuchokera pansi mpaka pamwamba. Anatola kamwala, n'kugogoda njerwa imodzi, khutu atalipendeketsa ngati mmene ababa ankachitira. Inalira ngwee. Kuseri kuja nyimbo inasiya.

"Zinapsa bwino," anatero amayi.

Anaika kamwalako pansi, osakataya, kukaika. Anakonza nsalu ya mwana kumsana, anandigwira dzanja, ndipo tinatembenuka. Sanaodire. Sanafunse kuti muli ndani. Ine ndinkangocheuka, kudikira kuti wina atuluke atiitane, poti njerwazo madzi ake anatunga ndi amayi, udzu wake ndinafunditsa ndine. M'mutu mwanga nkhani inali yosavuta: nyumba yathu yagwa, koma ina yathu yomwe ilipo, yolimba, ya magalasi.

Tili m'kanjira ndinawafunsa kuti tisamukira liti. Anangopitiriza kuyenda. Ndinafunsanso tili pamsewu, ndikuwakoka chitenje, ndipo ndinawonjeza kuti ine ndikufuna chipinda cha zenera loyang'ana kumsika. Anandifinya dzanja mpaka kupweteka, maso ali kutsogolo komwe kunkachokera minibasi. Njira yonse yobwerera ku Domasi ndinakhala ndikudabwa kuti munthu angapeze bwanji njerwa zake zotayika, zonse zili bwinobwino, n'kuchoka osakondwa.